Kalata Yopanda Dzina pa Khomo la Mayi Herminia

Mliri wa korona utafika mu mzinda wa Palmira, boma linalamula kuti aliyense abindikire m'nyumba. Munthu ankatuluka kamodzi pa sabata, pa tsiku logwirizana ndi nambala yotsiriza ya chiphaso chake. Tsiku la Mayi Herminia Caicedo linali Lachinayi. Masiku ena onsewo ankathera kuseri kwa nyumba, m'kadimba kamene malemu amuna awo anawasiyira.

Kadimbako kanali kongokwana phazi: mizere itatu ya nyemba, tomato wa m'zitini zakale za penti, anyezi, tsabola, mtengo wa mandimu, ndi shushu amene anayanga pampanda mpaka kugwera kwa aneba. Ntchito yawo yosoka itaima chifukwa kunalibenso maukwati, mayiwo anagaula ndi poyanika zovala pomwe n'kudzalapo maungu.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala Mayi Ofelia ndi amuna awo, Bambo Eliécer, dalaivala wa basi amene tsopano ankangokhala, komanso ankadwala shuga. Amayi awiriwa anakhala moyandikana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mayi Ofelia ndiwo ananyamula Yurani, mwana mmodzi yekhayo wa Mayi Herminia, pa tsiku la ubatizo wake, ndipo ndiwo anaphika pa maliro a bambo ake. Mpandawo unali wa njerwa, wolekeza m'khosi. M'mawa uliwonse wina ankakwera pa kireti, wina pa mpando, aliyense kapu ya khofi kumanja, n'kuyamba macheza.

"Anzanga, shushu wanuyu alibe mwambo," anatero Mayi Ofelia tsiku lina. "Boma likuti tisayenderane, iye ali pikitipikiti kudumpha mpanda."

"M'mangeni, mumutsekere mumphika, aphunzire."

"Nanga umboni wake? Tomato ndi anyezi azibweranso, akamuchitire umboni."

Ankaseka mpaka Bambo Eliécer kukuwa ali m'nyumba kuti wailesi sakuimva. M'misewu ina anthu anali atayamba kupachika nsanza zofiira pamawindo, kusonyeza kuti m'nyumbamo mulibe chakudya. Mayi Ofelia atanena kuti mwina nawonso afika pomwepo, anzawo anawadula. "Ine ndili moyo? Musandichititse manyazi." Kuyambira pamenepo, kachidebe kodzaza ndiwo za m'dimba kankawoloka mpanda tsiku ndi tsiku.

Yurani anali namwino pa chipatala cha boma. Akaweruka masana ankalowera khomo la kuseri, n'kuvula nsapato pafupi ndi mpopi, kuviika yunifolomu m'madzi a klorini, kusamba, kenako kudya yekha pakhonde, amayi ake akumuyang'anira patali. Lamlungu lina anasiya supuni chakudya chisanathe.

"Amayi, andisamutsira ku chipinda cha odwala korona. Musalire, amatipatsa zodzitetezera. Koma musauze munthu. Mukumva? Ngakhale mmodzi. Anzanga ena awathamangitsa kale m'nyumba zomwe amakhala."

Mayi Herminia anagwedeza mutu. Nkhaniyo anaisunga masiku atatu, ikuwalemera ngati mwala pamtima. Ankapalira pomwe apalira kale, kuthirira mpaka madzi kuyenderera. Lachitatu m'mawa, Mayi Ofelia atawafunsa chimene maso awo anatupira, anaulula. Sanaone ngati akuuza munthu wapadera. Anali kuuza amayi a ubatizo a mwanayo.

"Mayo, mwana wanga!" anatero Mayi Ofelia, atagwira pachifuwa. "Ndimuyatsira kandulo lero lomwe. Musadandaule anzanga, zathera pampanda pano."

Lolemba lotsatira, Yurani atanyamuka kale, Mayi Herminia anatsegula chitseko cha kumaso kuti asese. Fungo la klorini linawabaya m'mphuno. Wina anali atathira pakhomo ponse, mpaka maluwa a m'miphika kupserera. Pansi pa chitseko panali pepala lopindidwa kawiri.

"Kwa a pa nambala 14. Tamva kuti mwana wanu akugwira ntchito m'chipinda cha odwala korona kuyambira sabata yatha. Mumsewu muno muli ana ndi okalamba. Tikupempha mwaulemu kuti akapeze kwina kokhala mpaka mliri utatha. Ife, anansi anu."

Anawerenga kawiri ataimirira, kachitatu atakhala pansi. Kenako anaika pepalalo m'thumba la epuloni, n'kupita kuseri. Mtima unkakana kuti anzawo aja ndiwo anaulula. Mwina wina anamuona mwanayo ku chipatala, mwina dalaivala wa ambulansi ali ndi m'bale mumsewumu. Anakwera pa kireti kuti akafunse anzawo nzeru.

Mpando wa Mayi Ofelia panalibe. Mayi Herminia anasuzumira pansi, kumene sankayang'anako masiku onse chifukwa maso ankakhala pankhope ya mnzawo. Kuseri kwa khola la nkhuku kunali mulu: tomato wophulika, anyezi, nyemba zomangidwa ndi ulusi wawo wosokera, mandimu achikasu, ntchentche zili ng'waa. Zinali ndiwo za masiku anayi kapena asanu.

"Mayi Ofelia!"

Katani ya pawindo lawo inagwedera.

"Mayi Ofelia, ndikukuonani pa katani. Tulukani."

Anatuluka atavala chophimba pakamwa ndi magolovesi otsukira mbale, n'kuima patali, pafupi ndi chitseko cha khitchini.

"Mwadzuka bwanji anzanga? Lero mutu ukundi..."

"Zoti Yurani anamusamutsa sabata yatha, anawauza ndani?"

"Zoti chiyani?"

Mayi Herminia anatulutsa pepala lija n'kuliimika pamwamba pa mpanda. Mayi Ofelia sanayandikire kuti aliwerenge. Anangoyang'ana pansi.

"Sindinalembe ine," anatero. "Analemba ndi aphunzitsi aja a pa kona. Ine ndinangouza akazi awo kuti tizisamala. Nkhani inangofalikira yokha pa foni."

"Inayenda yokha? Ili ndi miyendo?"

"Inu mukudziwa mmene alili a Eliécer. Akangowatenga matendawa, ndawaika m'manda. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndikanabwera pampanda pano n'kunena kuti anzanga, ndili ndi mantha, chidebe chiyambe chaima. Ndikanamva. Koma inu dzulo lomweli mumalandira ndi manja awiri, mukuti zikomo, mukuti tomato ameneyu ngokoma ngati wa kumudzi kwanu. Mumataya ndikangotembenuka?"

"A Eliécer anati chilichonse chochokera kwanuko chisalowe m'nyumba."

"Nanga atafunsa kuti ndani akuvomereza kalatayi, inu munati chiyani?"

Mayi Ofelia anakokakoka chala cha golovesi. "Onse anavomera. Ndikanakana ndekha?"

"Ndi mwana wanu uja. Munamunyamula inu m'tchalitchi, atakukodzerani pa diresi, mukuseka."

"Ndiye chifukwa chake ndikumupempherera tsiku lililonse!"

Mayi Herminia anatsika pa kireti. Anakhala pansi pa mtengo wa mandimu, dothi lili m'zala, mpaka dzuwa kuwapeza pomwepo.

Yurani anafika itadutsa 3 koloko, thukuta lili kamukamu. Anali atayenda wapansi chifukwa wa njinga yamoto amene ankamutenga masiku onse anakana kuima. Polowa mumsewu, wina anamukuwira pawindo kuti achoke. Anasamba monga mwa masiku onse, n'kukhala pakhonde. Amayi ake anaika kalata ija pa mpando pakati pawo. Anaiwerenga kamodzi kokha.

"Munauza ndani, Amayi?"

"Amayi ako a ubatizo okha."

"Ndinati ngakhale mmodzi."

"Ndimayesa iwo si..."

Yurani sanakalipe. Amayi ake akanakonda akanakalipa. Anangopinda kalatayo, n'kuyang'ana ku mpanda nthawi yaitali. "Sabata yatha yomweyi anandiimbira foni kufunsa za mankhwala a Bambo Eliécer. Ndinawagulira ine, n'kuwaikira pa geti." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Pali chipinda pafupi ndi chipatala, anzanga atatu akugona kumeneko. Ndipita mawa."

"Sukupita kulikonse. Nyumba ino anamanga ndi bambo ako. Aliyense wosafuna asamuke yekha."

"Lero athira klorini. Mawa aponya mwala, inu muli nokha muno. Ine ndikhale ndi odwala uko, mtima uli kuno? Sindingathe."

M'mawa mwake ananyamuka ndi chikwama chimodzi ndi jumbo ya mandimu. Sanakumbatirane. Anaima motalikirana pa geti, mwana n'kugwedeza dzanja, n'kumapita, makatani a m'nyumba zonse akugwedera.

Miyezi isanu Mayi Herminia anakhala okha. Dimba linabereka ngati likuchita dala. Maungu anadzaza pansi pa bedi, tomato ankapsa onse nthawi imodzi. Lachinayi lililonse ankanyamula matumba awiri kupita nawo kutsidya kwa njanji, kumene amayi ena ankaphikira anthu ovutika mumphika umodzi waukulu. Kumeneko palibe ankawadziwa, ndipo palibe anafunsa kuti mwana wawo amagwira kuti. Kawiri konse anamva Mayi Ofelia akuitana chapansipansi kuseri kwa mpanda. Iwo anapitiriza kuthirira. Chimene chinkawawawa kwambiri n'choti akaona chinthu choseketsa, monga tsiku limene nkhuku ya aphunzitsi aja inathamangitsa wapolisi, munthu woyamba kumuganizira kuti amuuze ankakhala mnzawo yemweyo.

Yurani anadwala mu Julaye, n'kuchira, ndipo amayi ake anamva zonse zitatha kale. Boma litamasula anthu mu Seputembala, Yurani anabwera Loweruka lina masana, atawonda, tsitsi atadula. Anadya mbale ziwiri za msuzi wa nkhuku ndi chinangwa, kenako ananena kuti wapeza ntchito kutali, ku mzinda wa Medellín, ndipo ayamba mwezi wamawa.

"Mliri ukutha, mwanawe. Anthu aiwala kale."

"Iwo aiwala. Ine ndikamadutsa mumsewu uno ndimawerenga mawindo."

Tsiku lomwelo madzulo, Yurani akutulutsa masutikesi, Mayi Ofelia anaima pa geti pawo, atanyamula mbale yovindikira ndi nsalu.

"Yurani, mwana wanga! Taona mmene wawondera. Ndakuphikira timakeke ta chinangwa tomwe umakonda tija."

Yurani anaika sutikesi pansi. "Zikomo, Mayi Ofelia. Ndadya kale. Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino, Mulungu ngwabwino."

"Chabwino. Apatseni moni."

Galimoto ya hayala inali itafika. Mayi Herminia anathandiza kukweza katundu, n'kulowa nawo kumbuyo kuti amuperekeze mpaka kokwerera mabasi. Njira yonse anagwira dzanja la mwana wawo, akumufunsa ngati ku Medellín kumazizira, ndiponso ngati chipinda chakecho chili ndi malo oti munthu wobwera kudzacheza n'kugona sabata imodzi kapena ziwiri.