Dzina la pa Bulutufu

"Yalira kapena?" anafunsa a Rabson, bambo ake aang'ono a Stelia, makiyi a thiraki ali m'manja.

Stelia anapukusa mutu. Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo ake m'manda, ndipo abale ankafuna kumva nyimbo ya kwaya ya ku Kachebere imene malemuwo ankatsogolera. Pakompyuta ya patebulo nyimbo inkaoneka kuti ikuyenda, koma sipika yobwereka ija inali zii. Anaizimitsa, kuiyatsanso. Zii.

Kenako panatulukira uthenga wofunsa ngati apange apudeti ndi kutumiza zambiri za kompyutayo kwa oipanga. Pambali pa sikirini panali kapepala komata, kolemba bambo ake: Osapanga apudeti. Za m'nyumba zisatuluke.

"Nkhalambatu iyi," anatero a Rabson. "Ndikupita nayo ku Chipata masana ano akaifulashe."

Stelia ankadziwa kuti kufulasha n'kufufuta zonse, ndi mawu a bambo ake omwe. Anatsegula mndandanda wa bulutufu. Kompyuta inali yolumikizidwa kale, osati ku sipika, koma ku chipangizo china chotchedwa Luwiza.

Azakhali a Dyna anasuzumira. "Luwiza ndiye ndani? Ii, achimwene! Ntchito zanu za pa boda zija, kani kunali mkazi. Ndiye chifukwa chake ankati zisatuluke?"

"Chete, alamu angamve," anatero a Rabson.

Stelia sanamve mkwiyo kapena manyazi. Anangokumbukira kuti bulutufu sifika patali. Chinthucho chinali m'nyumba momwemo.

Kuchipinda anapeza mayi ake atakhala pansi, atatsamira bedi. Pansi pa duku panali kanthu koyera m'khutu. Anawaitana kawiri, sanatembenuke mpaka atawakhudza phewa.

"Amayi, Luwiza ndani?"

"Kweza mawu."

Anabwereza, pakamwa pafupi ndi khutu.

"Ndi ine. Dzina lapaubwana. Bambo ako ankandiitana choncho tikakhala awiri." Anagwira kanthu kaja. "Makutu anayamba kufa chaka chatha. Ndinawapempha asauze munthu. Anandigulira aka kuti nyimbo zizibwera kwa ine. Tsiku lina makinawo anadzisintha okha, kanasiya kulira, bambo ako anakhalira pamenepo Sabata lonse mpaka kanabwerera." Anatseka maso. "Akuimba panopa. Usazimitse."

Stelia anabwerera pabalaza.

"Kompyuta ilibe vuto, bambo. Isapite."

"Nanga Luwizayo?" anatero azakhali.

"Ndi dzina la kachipangizo ka m'nyumba muno. Ndakaona."

A Rabson anamuyang'ana, mwana amene sankayankha akulu. Kenako anaika makiyi m'thumba n'kutuluka.

Uthenga uja unali ukudikirabe. Stelia anadina pokana. Ngodya ya kapepala inali itamatuka, anaikanikiza ndi chala. Atatero anakweza voliyumu pang'ono, pabalaza pali zii.