Adya Chiyani Lachiwiri?

"Izi zasasa," anatero Azakhali atanunkhiza kontena ya nyemba. Anakhuthulira nyembazo m'bini, n'kutsegulanso firiji. "Izinso zasasa. Kutentha kumeneku kulibe chisoni, alamu."

Amake Jaji anali pasinki, akutsuka makontena a eni ake. Chichitikire maliro a mwamuna wawo, anthu a m'nyumba zoyandikana ankangobwera ndi chakudya chophikaphika, uyu mpunga, uyu nkhuku, uyu supu, mpaka chitseko cha firiji chinkakana kutsekeka. Koma tsopano ogogoda pakhomo anali atachepa, ndipo m'firijimo munayamba kuoneka malo.

Azakhali anali mlongo wake wa malemu, wamkulu, yemwe anamulera makolo awo atamwalira. Anabwera ndi kachikwama kamodzi tsiku limene anamva uthenga, ndipo anali asanabwererebe kwawo.

"Mwati kuntchito mukuyamba liti?" anafunsa.

"Lolemba."

"Mkucha womwewu?"

"Abwana andipirira mokwanira. Mankhwala sadzigulitsa okha."

Amake Jaji ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, kulowa masana, kuweruka dzuwa litalowa. Mwamuna wawo anali wophika buledi. Iye ankanyamuka tambala asanalire, n'kubwerako masana ufa uli m'nsidze, choncho kwa zaka zonsezi chakudya chamadzulo cha mkati mwa sabata chinali m'manja mwake. Anagwa ali kuntchito komweko, mtima utaima, thireyi ya mabanzi ili m'manja.

Azakhali anatseka firiji n'kuitsamira.

"Ndiye ndimvereni bwino. Anawa ndiwatenge. Sukulu anatsekera, tchuthi chikadali chachitali. Kwanga kuli bwalo, kuli mthunzi, ndipo ine ntchito ndinapuma. Potsegulira sukulu ndidzawabweza masaya ali tutumutu."

"Ana ali ndi kwawo, alamu."

"Kwawo kopanda munthu madzulo? Azidya chiyani?"

"Ndiziphika m'mawa, n'kuwasiyira."

"Muziphika chiyani? Chabwino, ndiyankheni ichi chokha. Kachiwala akachokera ku mpira Lachiwiri, amadya chiyani?"

Madzi anapitiriza kuthira mu kontena yodzaza kale. Amake Jaji ankadziwa saizi ya nsapato ya mwana aliyense. Ankadziwa amene amadwala chifuwa kukazizira, ndi mankhwala ake. Loweruka ndi Lamlungu ankaphika okha, ndipo panalibe wodandaula. Koma za Lachiwiri sankazidziwa. Anatseka mpopi.

"Mazira," anatero mawu kuchokera pakhomo la khitchini. "Lachiwiri ndi mazira. Ndipo sitipita kulikonse."

Anali Jaji, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, thawulo lili m'khosi. Dzinalo anam'patsa ndi bambo ake chifukwa chiyambire kulankhula, nkhani iliyonse m'nyumbamo ankaigamula ndi iye. Kumbuyo kwake kunali mlongo wake wamng'ono, Kachiwala, kabudula akudontha madzi. Amachokera kosambira ndi ana a pakhomo loyandikana.

"Mwana iwe, akulu akamalankhula umatani?" anatero Azakhali.

"Pepani, azakhali. Koma sitipita."

"Muli ayisi m'firijimo?" anafunsa Kachiwala, yemwe sankadziwa n'komwe kuti pali mlandu.

Lamlungu m'mawa, Azakhali atapita kukapemphera, Amake Jaji anakhala pansi pabalaza, kutsogolo kwa fani, n'kuitana ana awo.

"Ndiphunzitseni," anatero. "Adadi anu ankakuphikirani chiyani? Tiyambe ndi Lolemba."

Ana anayang'anizana ngati afunsidwa chinsinsi cha gulu.

"Lolemba ndi zotsala zovala taye," anatero Kachiwala.

"Zotani?"

"Zimene mwaphika inu Lamlungu zikatsala," anafotokoza Jaji, "adadi amazikazinga ndi anyezi. Kenako amadula tomato motalika n'kuika pamwamba. Ndiye taye ameneyo. Amati chakudya chadzulo chikavala taye chimakhala mlendo wolemekezeka."

Amake Jaji anaona kuti mwanayo akunenabe "amazikazinga", ngati bambo ake angotuluka pang'ono. Sanamukonze.

"Nanga mazira a Lachiwiriwo?"

"Mazira othamanga!" anafuula Kachiwala, n'kudzuka kuti aonetse. "Timachokera ku mpira, njala ili pano. Adadi savula n'komwe nsapato. Amaswa dzira ndi dzanja limodzi, khwa! Ine ndimathamanga kuzungulira tebulo. Akapsa mazira ine ndisanatope, adadi awina."

"Amawina ndani kawirikawiri?"

"Ine," anatero Kachiwala.

"Bodza," anagamula Jaji.

Lachitatu, anawo anati, chitofu chimapita ku tchuthi. Linali tsiku losambira masana onse, ndipo pobwerako m'khitchini munkatentha ngati mu uvuni. Ndiye ankadya buledi wochokera kuntchito kwa bambo awo, nkhaka, tomato ndi chivwende chozizira, atakhala pakhonde, mapazi onse ali m'beseni limodzi la madzi. Lachinayi inkalamula ndi firiji: chimene chayamba kuoneka potsegula chitseko, chomwecho n'chimene chiphikidwe, ngakhale atakhala kabichi.

"Lachisanu ndi supageti wopserera," anamaliza Jaji.

"Supageti amapserera bwanji? Munthu wophika buledi wa tauni yonse?"

"Amaiwala. Amatsegula wailesi n'kuyamba kuvina ndi chikombe."

Amake Jaji anaseka mpaka kugwira pamimba. Chinali chiseko chawo choyamba chichitikire maliro, ndipo chisanathe chinasanduka kulira. Kachiwala anawayang'anitsitsa, kenako anatembenuza fani kuti iwapemerere kumaso.

"Amami," anatero mwanayo, "nanga ku mpira azikanditenga ndani?"

"Tiona, mwanangu."

"Adadi amaima pafupi ndi golo. Ndikagoletsa amavula chipewa."

"Wagoletsapo kamodzi kokha," anatero Jaji, koma motsitsa mawu, akumukokera pamiyendo pake.

Masana anapita kusitolo yaikulu ya pakona kukagula za sabata yonse. Jaji ndi amene ankayendetsa ngolo, ndipo ankadziwa shelefu iliyonse. Mayi ake akatola botolo la mafuta, iye ankalibweza n'kutenga lina. Chivwende anachigogoda ndi chala, khutu ataligunditsa pakhungu lake. Atafika polipira, mayi wa pamakinayo anamwetulira ataona anawo.

"Makasitomala anga! Nanga abwana oimba aja mwawasiya kuti lero? Ndawasowatu."

Amake Jaji anaweramira m'chikwama, ngati akufuna ndalama.

"Adadi anamwalira," anatero Jaji, akuika mazira patebulo mosamala. "Awa ndi amami athu."

Mayiyo anagwira pachifuwa. Anapepesa, n'kupepesanso. Kenako anatuluka kuseri kwa makina ake, nalongedza yekha katundu yense m'matumba, mazira pamwamba, anthu a pamzere akudikira osadandaula.

Chakumadzulo, ana akusewera panja ndi anzawo, Amake Jaji anapeza Azakhali m'chipinda, akupinda malaya oyera a kuntchito a malemu. Ankawapinda, kuwatambasula, n'kuwapindanso.

"Alamu, za anawo ndaganiza. Sindingawapereke. Bambo awo achoka, ndiye mayi awonso asowe? Ayi."

"Ndamva," anatero Azakhali, osatukula mutu. "Ine ndine ndani? Ndine mlendo."

"Musatero."

"Mwamuna wanuyu ndinamubereka kumsana ine ndili mwana. Dzira loyamba kuswa anaswera m'khitchini mwanga, theka linathera pansi." Anasisita kolala ya malayawo. "Mukuganiza kuti ndikufuna anawa chifukwa ndikukuyesani waulesi? Kwanga kuli zii, alamu. Ndikalowa m'nyumba muja ndekha, ndiye kuti wapitadi. Koma Kachiwala akaseka, mano akewo, ndimamuona mlongo wanga."

Amake Jaji anakhala pabedi pambali pawo.

"Ndiye bwanji inuyo mukhale konkuno?" anatero. "Mpaka atsegulire sukulu. Ine ndiziphika m'mawa zimene ndingathe. Inu muzikamutenga Kachiwala ku mpira. Pakufunika munthu woima pafupi ndi golo."

"Ine za mpira ndimazidziwa?"

"Palibe chovuta. Akagoletsa muzingokuwa."

"Amagoletsa?"

"Akuti kamodzi."

Azakhali anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa malaya aja, n'kufwenthera.

"Koma pabalaza paja sindigonanso. Sofa yanuyo yandithyola msana."

"Mugona m'chipinda cha Jaji."

"Ndiye mukam'pemphe nokha jaji wanuyo. Ine ndimamuopa."

Lolemba m'mawa Amake Jaji anakazinga mpunga ndi nkhuku zotsala, anyezi wambiri, monga anauzidwira. Tomato anamusiyira Jaji. Kuntchito anzawo anawalandira ndi manja awiri, wina anawagulira madzi ozizira, wina anawauza kuti azingokhala kumbuyo n'kumalongedza mabokosi. Iwo anakana, naima pakauntala. Anathandiza agogo ena a matenda a shuga, mnyamata wina wopsa ndi dzuwa pamapewa, mayi wina wa khanda la zidzolo za kutentha. Foni inali m'thumba la yunifolomu, ndipo dzanja linkangopitako lokha.

Inalira dzuwa litapendeka. Anali Azakhali.

"Alamu, kuno kwavuta. Kachiwala akukana kudya. Akuti chakudya chili maliseche."

"Jaji ali kuti?"

"Akusamba."

"Dulani tomato motalika, muike pamwamba."

"Tomato? Basi?"

"Ndi taye ameneyo."

Kunamveka kugogoda kwa mpeni pathabwa, kenako chete, kenako mawu a Kachiwala chapatali akuti taye wakhota koma alola.

"Mlongo wanga anali ndi misala," anatero Azakhali, n'kudula foni.

Ataweruka, Amake Jaji anakwera basi yodzaza, mawindo onse ali otsegula koma mphepo yake yotentha. Panjira yonse ankaopa chinthu chimodzi. Kwa zaka zonsezi, akafika pakhomo ankapeza ana atadya kale, mwamuna wawo atakhala patebulo, mbale ziwiri zovundikira zili patsogolo pake. Ankawalonjera ndi mawu omwewo tsiku lililonse: "Fulumira mayi, njala yandipha, sindinalawe kanthu." Lero pampando umenewo pakhala popanda munthu. Anaganiza zoti akangofika anene kuti adya kale kuntchito, n'kupita kukagona.

Potsegula chitseko anamva Kachiwala akuimba m'bafa, Azakhali akumukalipira kuti asathire madzi pansi. Nsapato zinali mbwee pakhomo, mathawulo atayanikidwa pamipando. M'khitchini munali Jaji, atakhala patebulo, mbale ziwiri zovundikira zili patsogolo pake.

"Iwe, sunadye mpaka pano?" anafunsa mayi ake, akuika chikwama pansi. "Azakhali ako sanakupatse?"

"Ndadya theka."

Jaji anavundukula mbale yake. Mpunga unali utadulidwa pakati ndi supuni, mzere wowongoka bwino. Mbali imodzi inali yoyera, mbali inayo yosakhudzidwa.

"Adadi amatero," anatero. "Theka amadya ndi ife, theka amasungira inu."

"Koma ankandiuza kuti sanalawe kanthu."

"Anatiuza kuti tisaulule. Amati mukadziwa muziwauza kuti azimaliziratu, asamakudikireni."

Amake Jaji anaima pomwepo, atagwira msana wa mpando. M'bafa muja nyimbo inasiya, kunamveka Azakhali akufunsa kumene kuli thawulo louma.

Jaji anakankha mpando wa mayi ake ndi phazi, navundukula mbale inayo. Taye wa tomato anali atafota pang'ono ndi nthunzi. Anamuwongola ndi chala, n'kuwapatsira supuni.

"Fulumirani amami," anatero. "Zizizira."