Mbaula M'chikuta ku Zandspruit

Lachisanu limenelo ine ndinkangofuna kufika, kuvula nsapato, kugona basi. Tsiku lonse ndinali chiimire ku Sandton kusita malaya a bwana, makumi awiri ndi anayi, ngati munthuyo ali ndi misana khumi. Chimfine chinali chitandigwira, mphuno ikungochucha. Kuzizira kwa Juni ku Joni kuno kumaluma mpaka m'mafupa. Ndipotu ine Esime ndinaphunzitsa kemisitire zaka zisanu ndi zinayi ku Machinga, lero ndikulimbana ndi makolala a anthu.

Nditatsika tekisi ku Zandspruit dzuwa lisanalowe, ndinati ndingosuzumira kwa Mwanasha, mwana wa mchimwene wanga. Anali atachira masiku anayi apitawo, kamwana kakamuna kobadwa masiku asanakwane, kongodzaza manja awiri. Ndinapeza mwamuna wake, Jamal, atakhala pa kreti kunja kwa mkhukhu wawo wa malata. Mkazi anali m'chikuta, ndipo kwawo bambo salowamo kapena kugwira mwana mchombo usanagwe. Iye ankagona kwa mnzake.

"Zonse zili shapu, azakhali," anatero monyadira. "Ndawakankhira mbaula ya makala pakhomo, ming'alu yonse ndatseka ndi makatoni. Mphepo singalowe ngakhale pang'ono."

Mayo ine! Ndinaponya chikwama, kukankha chitseko. Mwanasha anali thapsa pamatiresi, akuti mutu ukung'amba, nyumba ikuzungulira. Mwana anali phee m'mabulangete atatu. Ndinagwira mbaula ndi nsanza, kukaiponya panja, kenako kung'amba makatoni onse aja.

"Mukufuna kuwapha?" ndinakalipa. "Kumudzi moto wa m'chikuta supha chifukwa denga la udzu limapuma. Muno ndi m'chitini! Makala akamayaka mopanda mpweya wokwanira amatulutsa poizoni wosanunkha, wosaoneka, amangokugonetsa osadzukanso. Imbirani wagalimoto, awa ndi akuchipatala."

Jamal anaimbira Sidi, mnzake wa kabaki, kagalimoto konyamula katundu. Sidi anali ku Fordsburg, ndipo anati ndi kuchuluka kwa magalimoto nthawi imeneyo afika pakatha ola.

Ola lathunthu. Poizoni anali atatuluka, inde, koma tsopano mphepo yonse ya Juni inali italowa. Ndinapisa dzanja m'mabulangete. Mwana ankapuma mwapansipansi, timapazi take tozizira ngati supuni. Apo ndiye mantha anandigwira zenizeni.

"Muwonjezereni bulangete ili," anatero Jamal ali pakhomo, phazi osalidutsitsa.

"Bulangete si moto, a Jamal. Silipanga kutentha, limangosunga komwe kulipo kale. Kulungani mwala m'mabulangete khumi, mawa muupeza uli chizizirire. Kutentha kumachoka pa chotentha kupita pa chozizira, sikubwerera ayi. Malata awa ndi simenti iyi zikukoka kochepa komwe mwanayu ali nako, ndipo Mwanasha akuti sanayamwe kuyambira m'mawa, thupi lake lilibe choti liwotche. Akufunika chifuwa cha munthu, khungu pakhungu."

Tonse tinayang'ana Mwanasha. Anali atakwawira ku ndowa, akusanza, akunjenjemera thupi lonse, manja osatha kugwira ngakhale kapu. Ine ndinkatsokomola ngati galimoto yakale, ndipo chifuwa chotero sungaikepo kamwana kosakwana masiku. Amayi oyandikana nawo anali asanaweruke. Panatsala munthu mmodzi.

"Inu mwadya papa, nsima ya kuno, ndi nyama masana," ndinatero. "Thupi lanu likuwotcha chakudya chimenecho panopa. Ndinu mbaula yopanda poizoni. Vulani shati."

"Aaa, ayi azakhali! Mchombo sunagwe. Amayi anga anachita kundiimbira foni kuchokera ku Mangochi, akuti ndisayerekeze. Mwana akatupa, akafa, adzati ndamupha ndine." Sanali wouma mtima mwamunayu, ankaopa, ndipo ankaopera mwana yemweyo.

Ndinafuna kukuwa, koma mphamvu zinali zitandithera. Ndinangokhala pansi pa simenti yozizira ija, miyendo ikupweteka, msana ukuthyoka. Zaka zonse zija ndinkajambula mivi pa bolodi, kutentha kukuchoka apa kupita apo, ana akukopera, ena akuwodzera. Lero funso lenileni labwera, ndipo ndikulephera kumvetsa munthu mmodzi wamkulu wandevu zake.

"A Jamal, ine ndatopa," ndinatero chapansipansi. "Sindikangana ndi amayi anu, ali kutali, sakugwira timapazi ta mwanayu. Mchombo ugwa Lamulungu kapena Lolemba. Mwanayu sindikudziwa ngati afika pomwe a Sidi afikire."

Mwanasha anadzutsa mutu pa ndowa paja. "Bambo ake, chonde," anangotero.

Jamal anaima kanthawi, akuyang'ana kathabwa ka pakhomo. Kenako anavula nsapato, anati "Bisimila," n'kulowa. Mabatani a shati anachita kuwadula pofulumira. Ndinamanga nsalu kukamwa kwanga, kumuvula mwanayo zonse kusiya thewera ndi kachipewa, kumugoneka pachifuwa pa bambo ake, n'kuwafunditsa onse awiri mabulangete aja.

"Eee, akuzizira ngati chitsulo!" anatero Jamal.

"Mukamva choncho ndiye kuti kutentha kwanuko kukupita kwa iye. Musamuchotse."

Ine ndinkamwetsa Mwanasha madzi pang'onopang'ono, khutu lili kumsewu. Patapita nthawi, m'mabulangete muja munamveka kamawu kosasa, kenako kulira kwenikweni, kwaukali. Jamal nayenso analira, misozi ikugwera pa kachipewa ka mwana wake.

Sidi atafika n'kuimba hutala, ndinatambasula manja kuti ndilandire mwana, bambo ake avale. Jamal anapukusa mutu. Anadzuka atamukumbatira choncho, n'kukakwera kabaki wopanda shati, wopanda nsapato.