Amama a M'foni

Sitima ija inafika m'mawa, ine nditayamba kale kutenthetsa mafuta. Padoko lathu sipangakocheze chinthu chachikulu choncho, ndiye imaima kutali pakati pa madzi n'kumatumiza anthu ake kumtunda pa timaboti tofiira. Masiku ena sitima ikabwera ndimangoganiza za tinsomba ta tsatsa timene ndimakazinga kumchenga, kuti kodi tikwana kapena ndithamangire tina. Tsiku limenelo nsomba sindinkaziganiza n'komwe. Musitimamo munali mng'ono wanga Nevena.

Nevena amayala mabedi m'zipinda za alendo. Anakwera sitimayi chilimwe chatha chikupita kumapeto, n'kundisiyira mwana wake Zlatka ali ndi zaka zitatu. Bambo wa mwanayo tisamutchule. Anapita ku Jeremani kukagula galimoto, ndipo mpaka lero akadasankhabe mtundu wake. Ine mwana wangawanga ndilibe, choncho Zlatka anapeza nyumba yopanda phokoso ndi munthu womutengera chilichonse.

Sitima ya Nevena imayenda nyanja zina zakutali. Kwathu kuno inkadutsa ulendo umodzi wokhawu, ndipo akuluakulu ake anamulola kutsika akamaliza zipinda zake, bola abwerere lipenga likalira. Atandiimbira foni kundiuza, sanachulutse zonena.

"Achemwali, ine musandiphikire chilichonse. Ndikungofuna ndimunyamule basi, nayenso andigwire m'khosimu."

"Ubwere ndi msana wolimba," ndinatero. "Mwana wako amadya ngati msodzi."

M'mawa umenewo ndinamusambitsa Zlatka, n'kumuveka diresi lachikasu, n'kumuluka tsitsi iye akulira ngati ndikumusenda.

"Khala bwino iwe, amama ako akubwera lero."

"M'foni?"

"Ayi, akubwera ndi miyendo yawo."

Anasiya kulira n'kuyamba kuseka. "Anti Donka, mumanama. Amama alibe miyendo."

Nanenso ndinaseka, poti ndinkaona ngati nthabwala. Mwanayo ankacheza ndi mayi ake pafoni pafupifupi tsiku lililonse, ankawaimbira nyimbo, ankawaonetsa chilonda chilichonse cha pabondo. Sindinaganizepo kuti chimene ankadziwa ndi nkhope yokha, yokwana m'dzanja langa.

Alendo ndi amene anayamba kutsika, boti ndi boti, ndi zipewa zawo ndi miyendo yawo yoyera. Anadzaza msewu wa kudoko, ena kulowera ku matchalitchi akale, ena kuthamangira kumchenga ngati nyanjayo sanagone nayo usiku wonse. Ife tinaima padoko mpaka dzuwa kufika paliwombo. Malo anga ogulitsira ndinawasiyira bambo Stamen, mkulu wobwereketsa maambulera, amene sadziwa kukazinga ngakhale dzira.

Nevena anabwera paboti la antchito. Anali ataonda, tsitsi atadula, m'manja muli chikwama chachikulu. Atationa anayamba kuthamanga, n'kudzagwada pasimenti yotenthayo, manja atatambasula.

"Zlatka wanga. Bwera, mwana wanga."

Zlatka anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga n'kulowetsa mutu m'siketi yanga.

Ndisaname, kwa kamphindi kamtima kanga kanakondwa kuti wathawira kwa ine. Koma nditaona manja a mng'ono wanga ali m'malere, anthu akumulambalala ndi zikwama zawo, chimwemwe chija chinasanduka manyazi. Ndinamudzutsa n'kumukumbatira ndine. Ankanunkhira sopo wochapira nsalu.

"Ndi manyazi chabe," ndinatero. "Tikafika kumchenga azolowera."

Sanazolowere. Nevena anatulutsa chidole cha tsitsi lalitali, Zlatka anachilandira kudzera m'manja mwanga. Anatulutsa nsapato zowala, zinapezeka zazing'ono. Anakhala pamchenga n'kuyamba kumanga nyumba ndi kandowa, Zlatka anasamukira mbali ina ya tebulo n'kumanga yake.

Bambo Stamen anali atapsereza nsomba zokwana mphaka onse a m'tauni muno, koma pakamwa pawo panali posapsa.

"Nevena, mwana wanga, usade nkhawa. Chibale n'fupa, sichiola. Mwana wanga, nditabwera kuchokera ku usilikali, anandiluma mwendo."

"Analuma bwino," ndinatero. "Akanaluma ndi lilime lomwe."

Nevena anamwetulira pang'ono, n'kutenga epuloni yanga ina n'kuyamba kugubuduza nsomba mu ufa. Munthu wapatsidwa theka la tsiku kuti apume, iye n'kumagwira ntchito. Ndinamusiya, chifukwa ndinaona kuti manja akewo akusowa pokhala.

Apo kunabwera mayi wina wa pasitima, wofiira mapewa ndi dzuwa, n'kumuzindikira Nevena kuti ndi amene amamukonzera chipinda. Anakondwa kwambiri, analankhula zachingerezi zambirimbiri, Nevena akuyankha ndi mawu ena ofewa amene ine sindinawamvepo pakamwa pake. Kenako Nevena analoza Zlatka. Mayi uja anawerama n'kutambasula dzanja, ndipo Zlatka anapita. Anapita bwinobwino, anamupatsa moni, anamuonetsa chidole, mpaka analola kujambulidwa. Wakulira pamchenga pano, alendo sawaopa. Amadziwa kuti amabwera, amaseka, amapita.

Nevena anayang'ana zonsezo ufa uli m'manja. Mayi uja atachoka anapukuta manja n'kunena motsitsa mawu, "Achemwali, foni yanu ili pafupi?"

"Ili m'thumbamu. Bwanji?"

Anapita kuseri kwa mulu wa mipando ya bambo Stamen, pamene sitinkamuona. Posakhalitsa foni yanga inalira. Zlatka anaimva msanga kuposa ine. Anataya chidole, n'kudzandilanda, n'kukhala pansi miyendo atatambasula.

"Amama. Amama, mukuchedwatu."

"Ndili pompano, mwana wanga. Wavala chiyani lero?"

"Lachikasu. Anti Donka andikoka tsitsi, ndinalira. Ndipo bambo Stamen apsereza nsomba, anti awanena kuti ndi mbuzi."

"Sindinatero ine," ndinatero.

"Munatero," anatero bambo Stamen.

Mwana analankhula ngati mpopi wotsegula. Anafotokoza za mphaka wathu, za dzino la mnzake, za nkhanu imene anaiona pamwala. Mawu a Nevena ndinkawamva kawiri, m'foni ndi kuseri kwa mipando, koma Zlatka ankamva a m'foni okha. Kenako anayandikitsa pakamwa pake pagalasi n'kunong'ona.

"Amama, kuno kwabwera mayi wina. Wafanana ndi inu, koma iyeyo ndi wamkulu. Akungondiyang'ana."

"Mwina akukufuna," anatero Nevena. "Ukamupatse moni."

"Ayi. Ine ndikudikira inuyo."

Ndinaona mipando ikugwedezeka. Nevena anatulukira pang'onopang'ono, foni ili patsogolo pa nkhope yake, akulankhulabe. "Ndine ndemwe, Zlatka. Taona. Kweza maso, ndine ndemwe."

Mwana anayang'ana foni, n'kuyang'ana mayi ake, n'kuyang'ananso foni. Anaika foniyo chafufumimba pamchenga, n'kukwawira pansi pa tebulo langa, pakati pa matumba a ufa.

Pamenepo ine mtima unandipsa. Sindikudziwa kuti ndinapsera ndani, mwanayo, sitimayo, kapena galu uja wa ku Jeremani. Ndinawerama n'kumugwira mwendo.

"Tuluka iwe. Mayi ako akutha msana chifukwa cha iwe, n'kumachita zimenezi? Tuluka ndisanakuthyape."

"Musiyeni, achemwali."

"Ndimusiye bwanji? Dzuwa likupendekatu ili."

"Ndati musiyeni. Mukamukakamiza azidzakumbukira zokakamizazo."

Ndinazimitsa moto mzere wa anthu uli pomwepo. Bambo Stamen anati ndapenga, tsiku la sitima munthu satseka. Ndinawauza kuti akazingire okha alendo awowo, ndipo tinakwera phiri kupita kunyumba, ine pakati, mwana dzanja ili, mayi ake mbali iyi.

Ndinali nditaphika banitsa, chitumbuwa chathu cha tchizi, ngakhale anandiletsa. Nevena anadya pang'ono, maso ali pa mwana. Anandifunsa tizinthu tating'onoting'ono timene pafoni sankafunsa: ngati amakodzerabe pogona, ngati amaopa mabingu, kuti kachipsera ka pachibwano kanabwera bwanji. Ndinkayankha zonse mosavuta, ndipo kusavutako n'kumene kunkandipweteka. Ndinkaona ngati ndikumuwerengera katundu wake amene ndamulanda.

Zlatka anatopa ndi kulira kuja, anagona pampando chidole chili pamimba.

"Mwayi ndi umenewu," ndinanong'ona. "Munyamule ali m'tulo, sadziwa."

Nevena anapukusa mutu. "Ndiye vuto lake limenelo, sadziwa. Kumeneko n'kuba."

Anangokhala pansi pafupi ndi mpandowo n'kutsamiritsa mutu wake pambali pa mapazi a mwanayo. Sanamukhudze. Ine ndinapita kukhitchini kukatsuka mbale zoyera kale, chifukwa sindikanatha kuonerera. Ndinalirira m'sinki momwemo, mpopi uli wotsegula kuti asandimve.

Lipenga la sitima linalira. Limamveka tauni yonse, mpaka mawindo amanjenjemera. Mlendo ndi mame, amatero, koma palibe amene anandiuzapo kuti tsiku lina mlendoyo adzakhala mwana wa mayi anga. Nevena anadzuka, anakonza tsitsi, anatenga chikwama chake chopanda kanthu. Zlatka nayenso anali atadzidzimuka ndi lipengalo, ndipo anatitsatira chapatali mpaka pakhomo, tsaya lili ndi mizere ya pilo.

"Musandiperekeze," anatero Nevena. "Padoko paja sindingathe."

Ndinalowa kukatenga kambale kamkuwa ka mayi athu n'kudzazamo madzi. Kwathu kuno munthu wapaulendo sachoka pakhomo pouma. Umathira madzi patsogolo pake, iye n'kupondapo, kuti zake ziyende ngati madziwo. Ndinamuthirira popita kusukulu, ndinamuthirira pokakwatiwa, ndinamuthirira pokakwera sitimayi. Ulendo uno ndinaganiza kuti mwina mwanayo angachite chimodzi chokhachi.

"Gwira ndi manja awiri," ndinamuuza Zlatka. "Uthire apa, pamiyalapa."

Analandira. Madzi ankagwedezeka m'kambalemo.

"Ndikathira chichitike n'chiyani?"

"Akapondapo, apita bwino."

"Apita?"

"Ee, apita kusitima."

Zlatka anakweza maso n'kumuyang'ana Nevena kumaso, koyamba tsiku lonselo popanda kuthawa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatukula kambale kaja n'kuyamba kumwa. Anamwa mwaphuma, ena akutsikira m'khosi n'kunyowetsa diresi, anatsamwa, anatsokomola, anapitiriza. Atamaliza anatembenuza kambaleko kuti tione.

"Atha," anatero, akupuma movutikira. "Amama, madzi atha. Simupita."

Nevena anagwa ndi maondo. Sanafunike kuitana. Mwana anataya kambale n'kumulumphira m'khosi, miyendo n'kuikulunga m'chiuno, nkhope n'kuibisa paphewa. Mng'ono wanga anaimirira naye, akumugwedeza, akunena dzina lake mobwerezabwereza. Sankalira mokweza, ankangotulutsa kamawu ngati ka munthu amene wamenyedwa pamimba.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaimiza sitimayo pomwepo ndi alendo ake onse. Koma lipenga linaliranso, ndipo kumunsi ndinkaona anthu omaliza akuthamangira padoko. Wantchito akatsalira, ntchito yatha, ndipo tonse atatu timadya ntchito imeneyo m'nyengo yozizira, kumchenga kukakhala kopanda munthu.

"Zlatka, tsika kaye," anatero Nevena. "Ndibweranso, mwana wanga. Tsika."

"Ayi. Madzi atha."

Nevena anandiyang'ana pamwamba pa mutu wa mwanayo. Ndinamva chimene ankapempha, ndipo ndinadana nacho. Ndinayandikira n'kuyamba kumasula tizala tija kukhosi kwa mayi ake, kamodzikamodzi, ndikamasula aka kena n'kugwiranso. Ndine ndemwe amene masana ndinkamukoka mwendo kuti apite kwa mayi ake. Anandimenya mateche, anandiluma padzanja, anakuwa kuti amama, amama, mpaka aneba anatsegula mawindo. Nditamuchotsa, tsitsi lina la Nevena linatsalira m'manja mwake.

"Pita," ndinatero. "Usacheuke, pita."

"Achemwali, madzi."

Mpopi unali pafupi, kuseri kwa chitseko pomwepo. Koma mwana ankaphiriphitha ngati nsomba, ndipo ndikanangomasula dzanja limodzi akanathamangira kumsewu. Ndinamukanikiza pachifuwa ndi manja onse awiri.

Nevena anadikira pang'ono, akuyang'ana kambale kali gada pakhonde. Kenako anatsika pa miyala youma.