Chitseko cha Azakhali Esnart

"Uyunso watipatsa nyenyezi imodzi," anatero Nkosana, chala chikuyenda pafoni. "Akuti gemu yanu ndi yokongola, koma chitseko chomaliza n'chowonongeka. Winayu akuti anatsala pang'ono kuponya foni m'chimbudzi."

"Aponye," anayankha Griffin osadzutsa mutu. Anali atawerama m'kashopu kake kokonzera mafoni ku Entumbane mumzinda wa Bulawayo, pafupi ndi poimira makombi, maminibasi a kumeneko, koma ndi mkwiyowo kasikuluwu ka foni ya kasitomala kanamupulumuka, kanagwa pansi n'kusowa.

Gemuyo anaipanga awiriwa, Griffin akuimanga pakompyuta, mnzake Nkosana akujambula zithunzi. Inali yaifupi, yoti munthu n'kuimaliza ali pamzere wa kombi. Wosewera amakhala mnyamata wa ku Nyasaland amene watsika sitima mu Bulawayo ndi sutikesi yamalata, akufunafuna abale ake ku Sizinda, komboni ya anthu ambiri ochokera kwawo, monga anachitira agogo ake a Griffin. M'njira muli zophwanyitsa mutu, kulumikiza njanji zosokonekera, kupeza njira pakati pa nyumba zofanana, ndipo zonsezo anthu ankazidutsa mpaka kuyamikira. Nkhondo inali pakhomo lomaliza. Pamenepo wosewera ankayenera kuleka kudina chilichonse, kuti mnyamatayo avule chipewa, anene kuti "Odi," adikire eni nyumba. Ukakankha chitseko, kudikirako kunkayambiranso. Nanga anthu a masiku ano, ndi zala zoyabwa zija, ndani akanaleka kudina?

Chopweteka n'chakuti kuseri kwa chitsekocho kunali mawu a azakhali ake a Griffin, a Esnart, akuimba nyimbo yolandirira alendo imene mayi awo ankaimba. Gemu yonse anaipangira nyimbo imeneyo, koma palibe wosewera ndi mmodzi yemwe amene anali ataimva.

"Hayi, mfowethu, tingolembapo kuti dikirani, basi," anatero Nkosana m'Chichewa chake chotola ku Sizinda. "Ngakhale ife Andebele timati ekuhle, odi wathu, pakhomo pa eni, koma pagemu munthu amadina. Ndi ntchito ya chala imeneyo."

"Ndikalembapo ndiye ndapha nkhani yonse," anatero Griffin. "Kwa eni sulowa ngati mbuzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Kanti nkhonoyo ndani akufuna kuiona maso? Anthu akufufuta gemu, iwe ukutchera miyambi."

Akukangana choncho, panatulukira a Esnart, chikwama cha zovala za kaunjika chili pamutu. Anachitula pakhomo la shopu n'kupukuta thukuta ndi chitenje.

"Iwe Griffin, anthu akunja aja andimva kodi? Amayi a kumpingo atopa kundifunsa. Ndinawauza kuti mawu anga afika mpaka kutsidya kwa nyanja, tsopano ayamba kundiseka kuti ndine wabodza."

Griffin anayamba kufunafuna kasikuluwu kaja pansi pa tebulo. Nkosana, yemwe pakamwa pake palibe chotsekera, anangoti, "Sanafikeko, mama. Onse akukanirira pachitseko."

"Chitseko chanji? Tabwera nayo kuno."

Nkosana anawatsegulira gemuyo pamalo omaliza paja. A Esnart anayang'ana kanyumba ka njerwa ndi mnyamata wa sutikesi ataima panja. Kudina sankakudziwa n'komwe. Anangoika foni patebulo, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kukuwa kuti, "Odi kuno!" Anthu amene ankadikira kombi anacheuka. Pagalasi mnyamata uja anavula chipewa. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, ndipo mawu awo omwe anatuluka m'kafonimo, osalala ngati a mtsikana.

Griffin anadumpha mpaka kugunda mutu patebulo. "Waona, Nkosana! Waona! Gemu ilibe vuto. Vuto ndi anthu opanda mwambo!"

Koma a Esnart sanaseke. Anadikira nyimbo ithe, kenako anafunsa kuti, "Anthu amene akudandaulawo, onse anafika pakhomo limeneli?"

"Onse, azakhali."

"N'kugogoda?"

"Kugogoda, kukankha, ena mpaka kutukwana."

"Ine ndili m'katimo, chete ngati mfiti?"



"Ndiye wandinyazitsa dziko lonse, mwana wa achimwene iwe," anatero a Esnart, mawu akukwera. "Pa Sizinda ponse ndani anabwererapo pakhomo panga osayankhidwa? Agogo ako omwe ukuwatamawo, tsiku limene anatsika sitima anakaima pa nyumba yolakwika akukuwa odi. Mwini nyumbayo anali mayi wa Chindebele, odiyo sankamudziwa n'komwe, koma anatuluka, n'kuwapatsa madzi, n'kuwaperekeza. Akanati akhale phee kudikira kuti mlendo aphunzire kaye mwambo wakuno, iwe ukanabadwira kuti?"

"Koma azakhali, cholinga chake n'choti munthu aphunzire kudikira."

"Aphunzira kwa ndani, kwa chitseko? Usankhe: uchotse nyimbo yanga, kapena undipatse pakamwa ndiyankhe alendo anga."

Griffin anakhala pansi, mtima ukumuwawa kwambiri. Chitseko chosalankhula chija ndi chimene ankanyadira kuposa zonse, ndipo ankaona ngati akuchigwetsa ndi manja ake. Anayang'ana Nkosana kuti mwina amuthandiza, koma mnzakeyo anali atatsegula kale chojambulira mawu, akumwetulira mano onse panja.

"Chabwino," anatero Griffin. "Koma munene mwaulemu."

A Esnart anakoka foni kufupi ndi pakamwa. Kumbuyo kondakitala ankaitanira anthu opita m'tauni, koma mawu awo anam'posa. "Ndani akumenya chitseko changa ngati wapolisi? Taimani pomwepo, muvule chipewa, ndikubwera!"

"Tibwereze, azakhali, mwakalipa."

"Sindibwereza. Ndimayankha choncho."

Anaika mawuwo momwemo, Nkosana n'kulemba tanthauzo lake m'Chingerezi m'munsi mwa chithunzi. Amene anali atafufuta kale gemuyo sanabwererenso, ndipo nyenyezi zawo zimodzizimodzi zinatsala pomwepo, zikumuyang'ana Griffin m'mawa uliwonse. Ndemanga yatsopano inafika sabata yotsatira, a Esnart ali pomwepo kusankha malaya a kasitomala. Nkosana anaiwerenga mokweza.

"Nyenyezi zitatu. Akuti, mayi uja anandikalipira, ndinadikira, ananditsegulira n'kundiimbira mpaka ndinagwetsa misozi. Koma gemu yafupika kwambiri, ndimafuna kukhalabe m'nyumbamo."

"Zitatu basi?" Griffin anaponya sikuludiraiva patebulo. "Munthu walira, koma akudandaulabe! Anthu awa muwatani kuti akhutire?"

"Wandimva koma?" anafunsa a Esnart.

"Wakumvani, mama," anatero Nkosana.

A Esnart anapinda malaya aja n'kusenza chikwama chawo. "Ndiye umuyankhe kuti mlendo ndi mame. Amafuna agone konko? Ine ndikupita kukauza amayi a kumpingo."