Washa Wakale

Mwana wamkazi wa makaniko, amene makasitomala ankangomutchula kuti Chemwali, anali akusanja masipanala pamene galimoto ija inabwereranso m'galaja ikukokedwa ndi thirakitala. Inali galimoto yakale yokoka ndi mateyala onse anayi, yomwe inkanyamula anamwino kupita kumidzi yakutali. Dzulo lake bambo ake anali ataisintha oilo.

Dalaivala anatsika nkhope ili ndwii.

"Madala ali kuti?"

Makaniko anatuluka akupukuta m'manja ndi kansanza. "Ndilipo. Kwagwanji?"

"Mukufunsa? Oilo yense wathera mumsewu. Tinanyamula mayi wodwala, mutu wake uli pamiyendo ya namwino. Getsi lofiira litayaka ndinazimitsa injini pakati pa chitunda. Mayiyo tachita kumukweza pangolo."

"Wafika kuchipatala?" anafunsa Chemwali.

"Kufika wafika. Zoti adzuka, sindikudziwa."

Chemwali anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Chitsulo chonse chinali noninoni. Anamasula bawuti wotulutsira oilo, ndipo kamphete kamkuwa kotsekera mpata kanagwera m'dzanja lake. Washayo anali wakuda, wophwatalala, atang'aluka mbali imodzi. Anali wakale uja.

Anakhala kaye chigonere. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, tsiku loyamba kugwira sipanala, bambo ake anamuuza kuti washa samangidwa kawiri. Bambowo anali atakalipirapo amakaniko ambiri chifukwa cha kanthu komweka.

"Mwapezamo chiyani m'menemo?" anafunsa dalaivala atawerama.

Chemwali anatuluka atafumbata dzanja. Anayang'ana bambo ake. Iwo anali ataima chilili, kansanza kakulendewera.

"Ndine ndinamanga bawutiyu," anatero. "Ndinaiwala kusintha washa. Pepani."

Dalaivala anaseka chiseko chosakoma. "Ndinadziwa. Madala, zaka makumi awiri simunandichititsepo manyazi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mutumizeni akaphunzire kwina. Galimoto iyi muziigwira nokha."

Makaniko anangopotokola kansanza kake.

Chemwali anatenga washa watsopano pashelefu, anamanga bawuti, nathira oilo. Anatembenuza kiyi. Injini inatsokomola kawiri kenako inalira bwinobwino. Anadikira pang'ono, nasuzumiranso kunsi. Sipanadonthe kanthu. Dalaivala ananyamuka osatsanzika.

Makaniko anakhala pachiteyala chakale pafupi ndi khomo.

"Wanamiranji?"

"Mumafuna ndinene kuti chiyani, Bambo?"

"Zoona. Kodi ndinakulera ndi bodza ine?"

"Nanga bwanji simunanditsutse muja?"

Funsolo linawalasa. Anapinda kansanza kaja, nakatambasula, nakapindanso.

"Washa watsopano ndinamutenga," anatero potsiriza, mawu ali pansi. "Anandipulumuka n'kugwera pansi pamene panali wakale uja. Ndinapapasa, ndinatola amene zala zinakumana naye. M'manja munali oilo. Ndinamuyang'ana ndithu, mwana wanga. Ndinaona ngati akuwala."

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha. Poyamba linali diso limodzi. Tsopano onse awiri, ngati ndikuyang'anira mu utsi."

Chemwali anakumbukira zinthu zimene ankaziona koma osaziikira kumtima: bambo ake akumupempha kuti awawerengere manambala a pasipanala, akunamizira kuti babu la m'galaja lafooka, akusiya kuyendetsa galimoto za makasitomala poziyesa.

"Amayi akudziwa?"

"Akadziwa amako, mawa lomwe ovolosi iyi aisandutsa chokolopera."

Chemwali anafuna kuseka. Anakhala pansi pambali pawo.

"Bambo, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mwina ndi ng'ala chabe, madokotala amachotsa. Koma lero ndi washa. Mawa akadzakhala mabuleki?"

"Usandiphunzitse ntchito."

"Sindikukuphunzitsani. Ndikuopa."

Makaniko anayang'ana kumsewu nthawi yaitali. Kunkadutsa njinga, anthu opita kumsika, galu wowonda. Chemwali sanadziwe kuti mwa zonsezo bambo ake akuonapo zingati.

"Munthu uja akauza aliyense kuti ndiwe wosasamala," anatero makaniko. "Pakamwa pake sipakhala chitseko. Ine dzina ndinapanga kale, ndadyerapo. Iwe ndiye ukuyamba kumene."

"Zisiyeni, aiwala."

"Saiwala. Ndipo mayi uja akapanda kudzuka, udzasenza mtolo umene si wako."

Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa foni. Anaibweretsa pafupi ndi nkhope, anaitalikitsa, kenako anaipereka kwa mwana wawo.

"Ndipezere nambala ya dalaivala. Zilembozi sindikuziona."

Chemwali anazengereza. Bambo ake anatambasula dzanja n'kudikira. Iye anaimba, nawaikira foniyo m'manja.

"Ndine makaniko," anatero atakhosomola. "Ayi, galimoto ilibe vuto lina. Imani kaye pambali, ndili ndi mawu. Choyamba mundiuze, mayi uja ali bwanji?"

Anamvetsera, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Tiyembekeze choncho. Tsono mverani. Bawuti uja sanamange mwana wanga. Ndinamanga ndine. Ndipo kuyambira lero, galimoto yanu aziigwira iyeyo."