Mwala Umene Unagwera Fulansisi

Andireya anali atawerenga kalatayo kawiri chamumtima pamene bambo ake, a Abel, anamuuza kuti aitanthauzire anthu amve. Pansi pa mtengo wa mango panasonkhana abale a malemu Fulansisi, mng'ono wa a Abel, amene anafera mu mgodi ku Halale chaka chomwecho cha 1943. Kalatayo inachokera kwa mzungu wa kumgodiko, n'kudzera ku Boma la Fort Jameson. M'mudzi monsemo ndi Andireya yekha amene anafika sukulu ya sekondale.

Iye ananena motsitsa mawu kuti mwala unagumuka kudenga la mgodi n'kugwera bambo ake aang'onowo, ndipo mzunguyo walemba kuti inali accident.

"Mwala uli ndi maso?" anafunsa a Olipa, mlongo wa malemu. "Analowa pansi anthu angati tsiku limenelo, kuti usankhe mlongo wanga yekha?"

Anapitiriza kunena zimene aliyense ankadziwa, kuti mwamuna akakhala kumgodi, mkazi n'kumayenda molakwika kumudzi, mwala umamupeza mwamunayo. Anati iwo eni anamuona Dolika, mkazi wa malemu, ali pakhonde la sitolo ya Mmwenye mu Januwale, akuseka ndi telala mpaka misozi, chovala chachimuna chili m'manja.

Andireya analikumbukira tsikulo. Chovalacho chinali kabudula wake wa sukulu. Kabudulayo anang'ambika kumatako tsiku lina iye akulumpha mpanda pothawa nkhosa yamphongo, kutatsala masiku awiri kuti abwerere kusukulu. Dolika ndiye anapita naye kwa telala, atalonjeza kuti sadzauza munthu. Telalayo anatulutsa nkhope yake pachibowocho, ndipo kuseka kunayambira pamenepo. Andireya anali pomwepo, atabisala kuseri kwa matumba a mchere.

Tsopano Dolika anakhala pamphasa, kumutu kometa, mwana wake wa zaka zinayi ali pamiyendo. Anangomuyang'ana Andireya.

"Andireya, mawu akowo akuti accident akutanthauzanji?" anafunsa a Abel. "Akuti pali wolakwa, kapena palibe?"

Andireya anatsegula pakamwa akufuna kunena za kabudula. Koma anaona atsikana atatu atakhala kumbuyo kwa amayi awo, ndipo lilime lake linathawira m'kalasi. Anafotokoza kuti mawu akuti accident anachokera ku Chilatini cha kutchalitchi chija, ku mawu onena za kugwa. Anati chance nayenso agogo ake ndi omwewo, chinthu chongogwa ngati nsatsi. Anati happen, kuchitika, anachokera ku hap, mawu akale a anthu akumpoto otanthauza mwayi, ndipo happy, kukondwa, ndi mbale wake. Anafika mpaka pa luck, amene aphunzitsi ankati anabwera ndi anthu akutsidya la nyanja. Nthawi yonseyi maso ake anali pa zala za kumapazi.

"Mwana wa achimwene," anatero a Olipa, "takufunsa njira ya ku Chipangali, iwe ukutitchulira mayina a mitengo. Azungu akowo amangoti chagwa, chagwa. Wogwetsa samudziwa. Ife tikumudziwa."

Anthu anaseka pang'ono, ndipo Andireya anakhala pansi. Akuluakulu anagwirizana kuti Dolika abwerere kwawo cha ku Mwami. Mwana atsale ndi a Olipa, popeza ng'ombe za malowolo zinaperekedwa kale.

Masana Andireya anamutsatira Dolika mpaka pa dambo, napempha kuti amusenzere mtolo. Dolika sanaima. Maso ake anali otupa, koma mawu anatuluka bwinobwino.

"Chingerezi chako ndachimva chonse, mwanangu. Waphunzira ndithu. Koma ine ndimadikira za kabudula."

Andireya anafunsa chifukwa chimene sananene yekha. Dolika anati analonjeza, komanso mawu a mkazi wamasiye woimbidwa mlandu salemera popanda mboni. Kenako anadzitwika bwino mtolo wake n'kuwoloka.

Pobwerera, Andireya anadutsa pakhomo pa a Olipa. Mwana uja anali atagwira chitseko, akulira mawu atasasa. Atafika kwawo, Andireya anapeza bambo ake akukonza goli kukhola, nawauza zonse, kuyambira pa nkhosa. A Abel anapitiriza kukonza golilo osamuyang'ana.

"Mlandu wa pabwalo sauthetsera kukhola," anatero pomaliza. "Mawa ndiitana anthu onse aja. Ukanene wekha, pamaso pa azakhali ako. Ukatha, uyende wapansi mpaka ku Mwami ukapepese amayi ako aang'ono. Ngati angalole kubwera, sindikudziwa."

M'mawa mwake anthu anasonkhananso, atsikana aja ali pomwepo, ndi anzawo ena awiri. Andireya anaimirira, ndipo anayamba kunena za kabudula.